Sakisofoni pa Ukwati wa Mlamu Wanga

Nkhani iyi kwathu ku Chonde amaikamba ine ndikangotuluka m'nyumba. Ndiye bola ndiikambe ndekha, manyazi ake ndithane nawo lero.

Ndine kalaliki ku esiteti ya tiyi, tsiku lonse ndimangoyeza masamba pa sikelo. Nditakwanitsa zaka makumi anayi ndinagwidwa ndi chilakolako chophunzira chida choimbira chouzira. Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe kwa bambo wina wogulitsa zida zakale, ndipo anandiyalira chitoliro, lipenga ndi sakisofoni.

"Ongoyamba kumene timawapatsa chitolirochi, bwana."

Chitoliro? Ine bambo wa ana atatu? Ndinaloza chonyezimira, chokhota ngati kaliwo.

"Sakisofoni imeneyo ndi ya E flat, mukudziwa?"

"Ndikudziwa," ndinanama. Ndinkayesa ndi nambala ya ku fakitale.

Miyezi isanu ndinaphunzira pa foni, ndekhandekha kuseri kwa minda ya tiyi, chifukwa aneba anali atayamba kundiyang'ana ndi diso lofiira. Kenako Chrissy, mng'ono wa mkazi wanga Esnart, anapeza banja. Pa msonkhano wa komiti ya ukwati ndinaimirira pamaso pa apongozi anga, bambo ovuta kusangalatsa amene sanandiyamikirepo chikwatirireni mwana wawo. Ndinalonjeza kuti mkwatibwi ndidzamulowetsa m'tchalitchi ndi sakisofoni. Iwo anangoti, "Tidzaona."

Ndinawaimbira foni a Nampinga, aphunzitsi amene amaimba kiyibodi ku tchalitchi kwathu.

"Nyimbo yolowera mkwatibwi mumaiimba mu kiyi yanji?"

"Mu F. Koma mubwere ku practice Lachinayi, tidzayesere limodzi."

"Musadandaule aphunzitsi, F ndi F."

Sindinapite. Ndinkafuna anthu adzadzidzimuke.

Loweruka tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Abale ena anachita kuwoloka malire kuchokera ku Milanje. Ine kutsogolo, suti yothina, sakisofoni m'manja. A Nampinga anayamba, kwaya inalandira, Chrissy anaonekera pakhomo atagwira mkono wa bambo ake. Ndinakoka mpweya, ndinagwira F wanga, ndinauzira.

Mayo ine! Nyimbo inali yomweyo, koma ine ndinali pamwamba, kiyibodi pansi. Mayi wina pa benchi yoyamba anagwira tsaya ngati dzino lamubaya.

Ndinayang'ana zala zanga: F weniweni. Mtima unati, walakwa ndi mphunzitsiyu. Ndinamutuzulira maso n'kuwonjezera mphamvu kuti amve njira yoyenera.

"Tsikani!" ananong'ona a Nampinga.

Ndinapukusa mutu, chida chili kukamwa.

Apa kwaya inagawika. Amayi a soprano ananditsatira ine poti ndine ndinkamveka kwambiri, abambo a bass anakakamira kiyibodi. Atsikana operekeza mkwatibwi anasokoneza sitepe, wina anaponda diresi la mnzake. Chrissy anachepetsa liwiro. Apongozi anandiyang'ana, nsagwada zitauma.

Ndinati mwina ndingotsikadi. Ndinasiya F, n'kuyamba vesi yachiwiri pa D, mongoyerekeza.

Nthawi yomweyo a Nampinga, pofuna kupulumutsa ukwati, anali atadina batani la transpose kuti akwere kudzandipeza. Ine kutsika, iwo kukwera! Tinaphonyana panjira ngati anthu ofunafunana mumsika.

"Bwererani!" anatero, tsopano osanong'onanso.

Ndinabwerera. Iwonso anabwerera.

Kwaya inangoti zii. Panatsala ine ndi kiyibodi, kuthamangitsana. Chrissy anaima chilili pakati pa tchalitchi, mkwati kutsogolo akutembenuka kuti aone ngati mkazi wasintha maganizo. Abusa anakweza dzanja.

"Zikomo, m'bale. Zakwana."

Mkwatibwi anamaliza ulendo wake ndi kulira kwa nsapato zake zokha. Sindinamvepo chete wowawa ngati ameneyo.

Titatuluka, ndinawapanikiza a Nampinga kuseri kwa tchalitchi.

"Munanena F! Mwandichititsa manyazi dala!"

"Achimwene, chida chanucho F wake si F wa kiyibodi. Mukagwira F, chimatulutsa A flat. Mumayenera kugwira D."

"D ndinagwiratu!"

"Eya, munagwira. Koma ine ndinali nditanyamuka kale kukufunani."

Ku holo ndinakhala pakona, chida pansi pa mpando, ndikupemphera kuti aiwale. Koma ma MC a ku Mulanje saiwala. Perekaniperekani ali mkati, mkuluyo anakuwa pa maikolofoni:

"Ndamva kuti alamu akonzanso nyimbo ina! Amene mukufuna aimbe, ponyani m'lichero ili!"

Palibe anasuntha.

"Amene mukufuna asaimbe, ponyani umu!"

Holo yonse inadzuka! Mabenchi kugwa, nthungululu, fumbi. Esnart, mkazi wanga wa ine ndemwe, ndiye anali patsogolo akuvina. Apongozi anaponya kawiri, kenako anabwera pakona panga paja akupukuta thukuta, n'kundigwira chanza koyamba m'moyo wawo.

"Mkamwini," anatero, "anawa mwawayambitsa bwino banja. Lichero limenelo ladzaza chifukwa cha inu."

Ndiye abale, luso lililonse lili ndi msika wake. Langa anthu amalipira kuti likhale chete.