Apongozi kuseri kwa sofa

Mpaka lero ndikaona tsache m'manja mwa apongozi anga, mtima umandigunda ngati ndaba nkhuku.

Titalowa nyumba ya lendi ku Hull, kudziko la azungu kuno, mwininyumba anatiletsa kukhoma misomali. Pabalaza tinapezapo msomali umodzi wokha, ndipo amuna anga anapachikapo chithunzi cha mayi awo atavala yunifolomu ya kutchalitchi.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo ndinkasirira zithunzi zachijapani zomwe ena amakongoletsera zipupa. Tsiku lina ndinachipeza chimodzi m'sitolo ya zinthu zakale, chili m'felemu yakuda. Wogulitsa anati nchokopera ku zija ankazigoba pathabwa nkuzidinda papepala. Chinali cha bambo wa zisudzo, nkhope ya mizere yofiira, maso ali tong'o. Ndinachikonda (musandifunse chifukwa). Nditafika kunyumba ndinatsitsa apongozi pamsomali paja nkuwalowetsa kuseri kwa sofa, nkupachikapo bambo wa zisudzoyo. Amuna anga anangoti, "Zako zimenezo."

Patatha miyezi itatu apongozi anabwera kuchokera ku Malawi kudzationa. Ndinakolopa paliponse, koma za pakhoma ndinaiwaliratu. Dziwani kuti mayiwa anatenga zaka asanayambe kunditchula kuti mwana wawo, ndipo sindinkafuna kubwerera pa "mkazi wa uje".

Atangokhala pansi anayang'ana kukhoma.

"Awa ndi akwanu?"

Kwathu pakhoma pamakhala abale, ndiye funsoli linali lachilungamo.

"Ayi amayi, ndi Mjapani."

"Anakuchitirani chiyani?"

"Palibe, nchokongoletsa chabe."

"Nanga chithunzi changa chija ndinakutumizirani?"

Apa ndi pomwe satana anandibwereka pakamwa. Ndinati tinachipereka kuti akachiikire felemu yatsopano. Amuna anga anathawira kukhitchini kukatereka tiyi yemwe palibe anamupempha.

Ndinakonza zochichotsa m'mawa mwake, koma apongozi anandilawirira. Mlendo wotere sasesa pakati, amasesa m'makona momwe mpongozi amabisa ulesi. Ndikutsika masitepe ndinawapeza atakoka sofa, akupukuta fumbi pankhope pawo pomwe.

"Ofelemu aja amakhala kuseri kuno?"

Ndinagwada pakapeti, manyazi atandigwira mpaka m'makutu, nkuulula zonse, za msomali umodzi zomwe. Anamuyang'anitsitsa Mjapani uja. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka.

"Komatu ndi malemu bambo ake a mwamuna wakoyu ndiwo zikachepa mchere! Maso ake omwewa!"

Anaseka mpaka misozi. Atatero anatumiza mwana wawo kukagula msomali, nkuukhoma okha ndi chidendene cha nsapato.

"Amayi, mwininyumba..."

"Akabwera umutumize kwa ine, mwana wanga."

Mawu awiri omalizawo ndinawamva bwino lomwe. Mwininyumba sanabwerebe, ndipo bodza ndinalileka, kupatula lomwe ndikumukonzera iyeyo. Pakadali pano awiriwo ali pakhoma moyandikana, ndipo ndikamasesa onse amandiyang'ana. Kuseri kwa sofa ndimayambira komweko.