Nsapato za a Kachulu

Usiku wathawu, amayi anzanga, ndinalota a Kachulu. Eya, omwe aja ankatsogolera bungwe lathu la apantchito ku esiteti ya tiyi, aja sankayankhula asanavule nsapato ndi kukwera pamgolo, ati kuti amve minga imene ife timaponda. Paja atapatsidwa unduna analonjeza kuti tonse amene tinachotsedwa ntchito chifukwa cha sitalaka tibwerera. Uno ndi mwezi wachisanu ndi chiwiri.

Ndiye kutuloko ndikuthyola tiyi, dengu lakumsana n'kundifunsa, "Esinala, ukuthyoleranji? Suja anakuchotsa?" Ndisanalikalipire, mwadzidzidzi mizere ya tiyi ija yasanduka makonde a maofesi ku Lilongwe, pakhomo paima nkhukundembo yovala tayi.

"Mayi, muli ndi apointimenti?"

"Ndili ndi ana anayi," ndinatero.

Inadzitukumula, n'kundimenya chidindo pachipumi.

Ndiye ndalowa, ndikupeza mgolo wathu uja aupaka utoto, adzalamo maluwa. Unandinong'oneza kuti, "Amandithirira kawiri patsiku. Dzimbiri ukulionali ndi manyazi."

Mwadzidzidzi a Kachulu atulukira. Mutu womwe uja, mpata wa m'mano womwe uja, koma kuyambira m'khosi kutsika, bongololo! Mwendo uliwonse nsapato yakeyake, yonyezimira. Ndinagwira pakamwa.

"Komuredi Esinala! Nkhani yanu ndiikamba lero lomwe. Ndingovula kaye."

Ndiye anayamba kumasula zingwe. Akavula yakutsogolo, nyani wonyamula chikwama chawo akuwaveka ina kumbuyo. Ndinagwada kuti ndiwathandize, nsapato imodzi n'kundiluma chala.

"Tisiyeni, mayi. Pa undunawu tinalumbira nawo limodzi ife," inatero nsapatoyo.

Nditangowakhudza mwendo, a Kachulu anadzipinda ngati nkhata, zii.

"Olemekezeka ali pamsonkhano," inatero nkhukundembo ija. "Dikirani."

Ndiye ndinadikira. Poyang'ana pansi, mapazi anga amera mizu m'kapeti, kumutu kwaphuka masamba a tiyi, ndipo uko kapitawo akubwera akunola chimpeni chosadzira. Ndinati ndikuwe, m'kamwa munangotuluka nthunzi.

Chinandidzutsa ndi thirakitala, ikudutsa ndi aganyu amene analowa m'malo mwathu.

Musandiyang'ane choncho. Chikwama ndi icho, ndalongedza kale: makalata athu onse otichotsa ntchito, chitenje, ndi chinangwa chophika. Ndikupita ku khoti la apantchito ku Blantyre, ndikadziyankhulire ndekha. Nsapato zanga ndazisiya kuseri kwa chitseko.