Pulofesa ndi Makina Ojambula Ubongo

Nzeruyi inam'bwerera Mzwakhe mowa utayamba kukoma, m'shabini ina ku Orlando. Anzake ankamutcha Pulofesa chifukwa anasesapo pachipatala china cha kafukufuku mu Johannesburg, asanam'thamangitse pa nkhani ya mabulangete.

"Bra Thabiso, sendera kuno," ananong'ona. "Kuja kuli chimakina chojambula ubongo wa anthu odwala matenda onjenjemera aja. M'kati mwake ndi waya wa kopa yekhayekha. Tikamusolola, minibasi tasiyana nayo."

Thabiso, amene ankadziwika kuti Chigumula chifukwa cha thupi osati nzeru, anameza nyama asanatafune. "Nanga alonda?"

"Lamlungu masana amakhala pa mpira. Tikangovala maovololo, ndife okonza mapaipi."

Wachitatu, Lefa, kamunthu kowonda kotchedwa Singano, anangovomera poti mowa ankagula ndi Pulofesa.

Lamlungu litafika, alonda sanawacheukire n'komwe. Mzwakhe anatsogolera ngati mwini chipatala mpaka pachitseko cholembedwa ndi zilembo zofiira.

"Pulofesa, apatu akuti chitsulo chisalowe," anatero Singano. "Akuti muli maginito."

"Maginito amayendera magetsi, mbuli iwe." Anathimitsa getsi la pakhonde, n'kusasa m'manja. "Afa amenewo. Tiyeni."

Palibe anamuuzapo wosesayu kuti maginito a makina amenewa sagona, kaya magetsi alipo kaya palibe.

Mzwakhe analowa mwamatama, tcheni chokokera katundu atachizenga m'chiuno. Anangomva ngati chimunthu cham'gwira lamba. Miyendo inayenda yokha, kenako phaa! Pulofesa anamatirira pamakina, mutu uli m'chibowo momwe amalowetsa odwala.

"Chigumula! Ndikoke!"

Chigumula anathamangira ndi jombo zake za chitsulo kutsogolo, zikwama za ovololo zodzaza masipanala. Anafika msanga kuposa mmene ankafunira, n'kudzam'phwanyira bwana wake kumsana. Singano, amene analibe ngakhale kiyi m'thumba, anayesa kuwakoka, koma anangotsala ndi sokosi ya Pulofesa m'manja. Mzwakhe atayamba kukuwa kuti akufa, Singano yemweyo anakaitana alonda.

Dokotala Nkabinde, mayi woyang'anira kafukufukuyo, anafika atavala za kutchalitchi. Apolisi anaima pakhomo ndi mfuti ndi maunyolo awo, osayerekeza kulowa.

"Mayi dokotala, zimitsani makinawa," Mzwakhe anachonderera, mawu akumveka ngati ali mumgolo.

"Ndikawazimitsa, adzadzuka mwezi wamawa," anayankha mayiyo. "Mawa kukubwera anthu amene sangathe kufikitsa kapu ya tiyi kukamwa osaitaya. Ena adikira chaka chathunthu kuti tione ngati mankhwala atsopano akugwira. Ndiwabweze chifukwa cha inu?"

Anatenga sizasi yosakokedwa ndi maginito, n'kuyamba kudula maovololo. Chigumula anasololedwa m'jombo n'kutuluka ndi kabudula wam'kati yekha. Kwa Mzwakhe panafunika alonda onse, kum'tsetseretsa m'tcheni atam'paka sopo.

"Amayi," anatero mwaulemu wadzidzidzi, "mutu wanga wakhalitsa mmenemo. Ubongo sunaonongeke?"

Dokotala anam'yang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupukuta sopo m'manja.

"Ndagwira ntchito ndi makina awa zaka zambiri, bambo. Amaona kachinthu kakang'ono ngati kanjere ka mchenga. Koma wanuwo sindikulonjeza kuti angaupeze."

Wapolisi anaseka mpaka kugwetsa maunyolo.