Ndani Amagona mu Neti, a pa Boma Kapena a ku Katondwe?

Lolemba

Manyazi! Ndaima pamsika wa pa Boma la Luangwa, bolopeni m'manja, ndikufunsa mayi wogulitsa nsomba ngati amagona mu neti ya udzudzu. Akundiyang'ana kumaso: "Nanga inu asikolo, ophunziranu, mumagona m'chiyani? M'chisa cha mavu?" Msika wonse wafa nalo phwete. Nkhope yanga ndi zotupa zokhazokha. Neti yanga, bedi lomwe, ali nazo alamu anga a Zuze, amene anachokera ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinje, kudzagulitsa nsomba zouma "kwa tsiku limodzi chabe". Nsombazo zinatha kalekale.

Ntchito yake ndi asayimenti yomaliza ya ku koleji. Ikapanda kupita Lolemba likudzali, satifiketi chaka chino palibe. Funso: kodi gawo la anthu ogona mu neti pa Boma likusiyana ndi la ku Katondwe? Alekichala akuti usanawerengere kanthu, yamba waona izi:
— ofunsidwa asankhidwe mwa maere, osati poona nkhope;
— yankho la wina lisatsamire pa la mnzake, magulu awiriwo asalowane, ndipo ofunsidwa asapose gawo limodzi mwa magawo khumi a anthu onse;
— gulu lililonse likhale ndi a "inde" osachepera khumi, a "ayi" osachepera khumi.

Zophweka.

Lachiwiri

Ndalemba manambala a nyumba pa timapepala, ndaika m'chidebe kuti nditole mwa maere. Ndapita kukasamba. Pobwerako, a Zuze akukulungira fodya m'timapepala tanga! "Mlamu, pepala lanu ili n'lofewa bwino."

Theka la Boma lapita ndi utsi.

Ndawafotokozera za maere. Akuti: "Kuvutikiranji? Anthu ndikubweretserani ine." Ndakana kwamtuwagalu. Akugwedeza mutu ngati amva.

Lachitatu

Mayo ine! Pakhomo pali anthu ngati pachitika maliro. Azakhali, asuweni, apongozi a asuweniwo, aliyense chitupa m'manja. A Zuze alengeza kuti mlamu wawo wophunzira akulemba maina a olandira maneti aulere. Ndani angavomere kuti ali nayo kale?

Ndikafunsa mmodzi, akuyankha onse pamodzi ngati kwaya: "Ayiii!"

Maere afa. Kusatsamirana kwafa. Shuga watha.

Mkazi wanga akuti: "Ndi alongo anga, mungawapirikitse bwanji? Akungokuthandizani."

Lachinayi

Ndathawira ku Katondwe pa minibasi, kumene sindidziwika. Maere atsopano ndatolera m'chimbudzi, chitseko chokhoma.

Nyumba yoyamba: ayi. Yachiwiri: ayi. Yachitatu, mayi akuti ayi, neti yabuluu ikuuma pachingwe kumbuyo kwawoko! Ndikuloza. "Iyo? Ndi ya anapiye."

Kani a Zuze anaimba kale foni. Mbiri yafika minibasi isanafike.

Choopsa kwambiri ndi bambo wa nyumba yotsatira. Nkhope ndikuidziwa: dzulo anamwa tiyi wanga. "Pa Boma ndinalembetsa kale, koma lembaninso kuno, mwina n'kulandira awiri." Magulu anga awiri alowana ngati Luangwa ndi Zambezi. Ndani angapatule madzi amenewo?

Lachisanu

A "inde" pa Boma: awiri. Ku Katondwe: mmodzi, namwino, amene wachita manyazi kunama atavala yunifomu. Pakufunika khumi uku, khumi uko!

Ndaimbira alekichala kuwafunsa ngati ndingangowerengera choncho. Aseka mpaka kutsokomola. "Masamuwo adzakupatsani nambala ndithu, koma idzakhala nambala ya alamu anu, osati ya anthu a ku Luangwa. Yambaninso."

Chimodzi chokha chakwana: sindinafunse anthu oposa gawo limodzi mwa khumi. Koma mmene akubwereramu, nachonso sichifika Lamlungu.

Loweruka

Pakamwa panga! Pa chakudya cham'mawa ndadandaula kuti a "inde" akuperewera. A Zuze asiya kapu: "Basi? Mukananena kale, mlamu." Ulendo wa kumsika.

Masana anthu a Lachitatu aja abweranso. Akuti amva kuti amene ali nayo kale neti ndiwo alandire zikuluzikulu, za pa bedi la anthu awiri.

"Indeee!"

Mayi wa anapiye uja watumiza uthenga kuti yankho lake lisinthidwe. Tsopano a "ayi" ndiwo akusowa. Pochoka onse akuti: "Tibwera Lolemba kudzatenga, asikolo."

Kudzatenga chiyani?!

Lamlungu

Asayimenti sipita. Satifiketi, tidzaonana chaka chamawa. Maere ndidzakatolera m'nyumba yopanda alamu.

Pochokera kutchalitchi ndapeza a Zuze atamanga katundu. "Mlamu, ine ndipite. Anthu anu aja akufuna maneti awo mawa, ndipo ine sindikonda phokoso. Tsiku lina musamalonjeze zinthu zimene mulibe."

Ndawanyamulira chikwama mpaka kudoko, kuopa angasinthe maganizo panjira. Mumtima ndikuti zivute zitani, lero ndigona pa bedi langa, mu neti yanga.

Bwato lakankhidwa. Lafika pakati pa madzi. Pamwamba pa katundu wawo pakuoneka chinthu chabuluu, chopindidwa bwinobwino.

A Zuze aimirira, akubayibitsa, akufuula:

"Mlamu! Lembani: Zumbo, mmodzi, inde!"