Galu Wanu Anaphunzira Ine, Osati Chamba

Kwa Bwana Mkulu wa Nthambi ya Agalu a Polisi,

Bwana wolemekezeka,

Pepani kuti munthu wogwira tsache ngati ine ndikukutayitsani nthawi. Sukulu ndinalekera ku pulayimale, ndiye kalata ino ndailemba katatu kuti musapezemo chokukhumudwitsani. Ndine wosesa pa depoti ya mabasi. Ndasesapo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi osajomba, kupatula tsiku limene ndinakazulitsa dzino.

Ndalemba kuti ndikuthokozeni chifukwa cha Mphezi, galu wanu wakuda uja wonunkhiza katundu.

Chaka chatha apolisi anu anabwera naye kudzamuphunzitsira pa depoti pathu. Mphunzitsi wake, amene anzawo amawatchula kuti a Wisulo, ankafuna munthu woti azimubisira kaphukusi ka chamba m'thumba kuti galuyo azifufuza. Makondakitala anakana. Ogulitsa matikiti anakana. Ine kukana munthu wa yunifolomu sindidziwa. Choncho Lachiwiri lililonse, kwa milungu khumi ndi iwiri, kaphukusiko kankalowa m'thumba la ovolosi yanga. Mphezi akandipeza ankakhala pansi patsogolo panga, iwo n'kumuponyera kampira, n'kumusisita. Tsiku lina ndinafunsa mwaulemu ngati sikungakhale bwino kusinthako munthu wobisa. A Wisulo anandiyankha kuti, "Madala, inu samalani tsache, za galu tisiyireni ife ophunzira."

Zothokoza zanga ndi izi:

1. Zikomo kuti galu wanu ndi wanzeru. Anazindikira msanga kuti chamba n'chovuta kupeza, koma ine ndimapezeka pamalo amodzimodzi kuyambira sikisi koloko m'mawa. Ndiye anaphunzira ine.

2. Zikomo chifukwa cha chionetsero cha mwezi watha, pamene mabwana anu anabwera kudzaona luso lake. Mphezi anadutsa masaka, masutikesi ndi zikwama za basi yonse osatembenuka n'komwe. Anadula bwalo lonse n'kudzakhala pamapazi panga, ine ndili ndi mopu m'manja. Mabwana anaomba m'manja. Apolisi anandisecha pamaso pa anthu mpaka kundivula nsapato, ndipo anapeza kampango, makiyi atatu ndi mapilisi anga a kuthamanga kwa magazi. Galu anapatsidwa kampira kake. Ine ngakhale "pepani" sindinamumve. Kuchokera tsikulo zachitikanso kanayi, ndipo masiku ake ndinawalemba onse. Ndasintha ovolosi. Ndasintha sopo. Ulendo wina ndinadzitsekera m'kachipinda kosungira ndowa, iye n'kudzakanda chitseko uku akugwedeza mchira.

3. Zikomo pondipatsa dzina. Makondakitala tsopano amandiitana kuti a Fodya Wamkulu. Mayi a kunyumba, amene ndakhala nawo zaka zonsezi osandionapo ndi machesi m'thumba, anandiuza kuti, "Bambo a ana, ngati mumasuta ingonenani, tidziwe chopempherera."

4. Zikomo chifukwa cha kalembedwe kanu kosamala. Ndabwera ku ofesi kwanu katatu. A Wisulo akuti anawasamutsa, ndipo kumene ali palibe akudziwa. Mayi wa pa kauntala anandiwerengera buku la maphunziro a galuyo. Munalembedwa kuti chamba chinkabisidwa "m'thumba". Thumba la ndani, bukulo silinena. Ndinabwerera nditaphunzira kuti kwa inu ine si munthu, ndine thumba.

Sindikufuna kukuphunzitsani ntchito, Bwana, ndine ndani ine. Koma ndamva kuti anthu ena asanakweze katundu wawo m'basi ankayamba afunsa ngati ine ndabwera. Akamva kuti ndilipo, mtima wawo unkakhala m'malo, podziwa kuti galu atanganidwa ndi ine. Mwina nawonso akulemberani kalata yothokoza.

Tsopano nkhani yafika povuta. Manijala wa depoti wandiimitsa ntchito. Wati galu wa boma sangalakwitse kasanu, ndipo ngati sindibweretsa kalata ya chidindo chanu pofika Lachisanu lino, ndikabweze makiyi ndi ovolosi. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi zitatu. Munthu wolozedwa ndi galu wa polisi, pa msinkhu uwu, angamupatse tsache ndani?

Mphezi ndilibe naye mlandu. Anachita zimene anaphunzitsidwa, ndipo sanajombe.

Pempho langa ndi laling'ono, mizere iwiri yokha: kuti thumba lija linali langa, ndipo chamba chinali chanu. Koma ngati pakati pa onse ogwira cholembera ku ofesi kwanu palibe amene angaikire umboni zimenezi, ndikupemphani modzichepetsa kuti Lachisanu m'mawa mutumize Mphezi, mutamupaka inki kuphazi, adzadinde yekha. M'nthambi yanu yonse, ndi yekhayo amene akundikumbukira.

Ine wanu wogonjera,
Wosesa wa pa depoti