Chakudya cha Kamarau m'Dziwe la Makumba

Lolemba
Ndayamba. Loweruka a asosiyasau, bungwe la alimi a nsomba kuno ku Chiuta akubwera kudzaona chakudya cha nsomba chimene ndikupanga. Akachikonda, andipatsa maiwe awo onse kuti ndiziyang'anira. Akapanda kuchikonda, ndikhalabe "uja anapita kusukulu yaikulu".
Vuto ndi limodzi. Ku univesidadi ndinaphunzira zodyetsa kamarau, tinkhanu ta m'nyanja yamchere. Kuno kuli makumba. Koma mimba ndi mimba. Ndikuganiza choncho.
Muyeso wanga, mbale khumi:
- matemba osinja, omanga thupi: zinayi
- gaga, wopatsa mphamvu: zisanu
- ufa wa chinangwa, womatira: imodzi

Lachiwiri
Amayi andipeza ndikusinja matemba. "Iwe, ndiwo zikadye ndiwo zinzake?" Ndawafotokozera za zomanga thupi. Amvetsera mpaka kumapeto. Kenako atapa mbale imodzi: "Nawenso wawonda."
Matemba: zitatu. Anali okoma, sindikana.

Lachitatu
Amalume amva kuti pakhomo pano pali zomanga thupi. Afika pa njinga, kathumba kali m'manja kale. Amalume sakanizidwa.
Matemba: ziwiri. Pamene pachoka matemba ndikuikapo chinangwa kuti zikwanebe khumi. Masamu okha akuyenda bwino.

Lachinayi
Ndakanda, ndaumba timibulu, ndayanika pamphasa. Adani:
- nkhuku zathu
- nkhuku za kuseri
- bakha wina amene sindikumudziwa
Tsiku lonse pampando, ndodo m'manja. Zaka zinayi za maphunziro!

Lachisanu
Timibulu tauma. Tauma kwambiri. Nkhuku yajompha kamodzi, yachoka yokha osaithamangitsa.
Che Saidi, mkulu wa asosiyasau, adutsa pochokera kumzikiti. Atola kambulu kamodzi, aluma, akabweza pamphasa mwaulemu. "A Dotolo, izi n'zodyetsa nsomba kapena n'zogendera?" Ndaseka nawo. Sindikudziwa ngati ndimayenera kuseka.

Loweruka
Onse abwera, aima m'mbali mwa dziwe. Ndaponya. Chubwi! Molunjika pansi, m'matope.
Kamarau amadyera pansi, n'chifukwa chake chakudya chake timapanga chomira. Izi ndazikumbukira chikumira. Makumba akuno anazolowera gaga woyandama. Ali pamwamba, kukamwa yasa, ngati akudikira kuti ndifotokoze.
Tadikira. Zii.
Che Saidi atapa gaga wamba, awaza. Madzi awira!
Palibe wandiyang'ana. Mayi wina, pondimvera chisoni, wasuzumira m'kaderno yanga, kabuku kamene ndimalembamo: "Komatu dzanja ali nalo labwino."

Lamulungu
Maiwe sandipatsa. Andisankha kukhala mlembi. Manja onse m'mwamba, palibe wotsutsa, ngakhale ine.
Ntchito yoyamba: kulemba zomwe zinachitika dzulo. Ndakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana pepala. Ndalemba kuti: "Chakudya chinayesedwa. Chinafika pansi bwinobwino."