Nyundo Yanu ndi Tepi ya Achimwene

Kwa Bwana Mkulu wa Mapulogalamu,
Wailesi ya Khutu la Onse.

Wolemekezeka Bwana,

Ndalemba kalatayi nditagwada, ngakhale mawondo anga masiku ano amalira kuposa ng'oma zomwe ndinkaimba. Ine ndi uja ndinkakhala kumbuyo kwenikweni m'gulu la Ziphaliwali Zisanu. Pano ndimawotcherera zitseko ndi mawindo kuseri kwa siteji ya mabasi. Ndabwera kudzathokoza, chifukwa Lamlungu lapitali pulogalamu yanu inalengeza kuti pa magulu onse a nyimbo za roko a zaka khumi zija za makaseti, loipitsitsa linali lathu. Bwana, chibadwire sindinakhalepo nambala wani pa chilichonse. Mwandichotsa manyazi ku ukalamba.

Ndamvanso za mphoto yomwe mwatikonzera. Akuti Loweruka likudzali masana mudzatulutsa tepi yathu m'nkhokwe yanu, n'kuiphwanya ndi nyundo omvera onse atatchera khutu. Tepi imeneyo ndi yokhayo yomwe inatsala, ndipo muli mawu a malemu achimwene anga, omwe ankatsogolera nyimbo. Makaseti omwe tinali nawo anatafunidwa ndi mawailesi, ndipo yomaliza ndinaipota ndi cholembera mpaka inaduka. Nthawi ija lamulo lanu linali lakuti gulu likajambula mu situdiyo yanu, tepi yaikulu izitsala kwa inu kuti isungike bwino. Zikomo kwambiri poisunga bwino zaka zonsezi mpaka nyundo itapezeka.

Chigamulo sindikuchitsutsa, ndisaname. Akulu amati ukaipa dziwa nyimbo, koma ife tinaipa, nyimbo osazidziwanso. Tinkatchedwa Zisanu pomwe tinali anayi, chifukwa wachisanu atamva momwe tikuimbira pa tsiku loyamba loyeserera, anati akukagula ndudu, ndipo mpaka lero sanabwere. Nsambo ziwiri za gitala yathu zinali waya wa mabuleki a njinga. Pochuna magitala tinkatsata kulira kwa firiji ya m'sitolo ya amalume, ndiye tsiku lomwe magetsi atsika mphamvu gulu lonse linkatsika nawo. Tinkavala majekete a chikopa dzuwa likuswa mtengo, thukuta likuyenderera mpaka m'nsapato. Achimwene ankaimba m'Chingerezi chomwe ngakhale eni ake sakanachizindikira, ndipo ndikawafunsa tanthauzo ankandiuza kuti ndisamale za ng'oma zanga.

Komabe ndiloleni ndiyale mathokozo anga mwadongosolo, monga mumafunira anthu ophunzira.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha oweruza atatu omwe munawasankha. Mphunzitsi wa nyimbo uja anafotokoza kwa mphindi makumi awiri kuti ng'oma zanga zinkathamanga kusiya anzanga m'mbuyo. Ananena zoona. Ndinkathamangira kuti nyimbo ithe mabotolo asanayambe kuuluka. Woweruza wachiwiri, muulutsi wanu wa kapusi yozondotsa, anati nyimbo zathu zinamuwonongera ubwana. Ndawerenga zala, bwana, ndipo ndapeza kuti pomwe gulu lathu limatha iye anali asanabadwe. Phokoso lathu liyenera kuti linali lamphamvu kuposa momwe tinkaganizira.

Wachitatu ndiye anandigwira mtima: mayi wolemekezeka uja wa m'komiti ya zaluso, yemwe analumbira kuti sanapondepo phazi komwe tinkaimba. Mumuuze kuti nsapato yake yakumanzere, yomwe inavuka akuvina pamwamba pa tebulo m'holo ya pafupi ndi positi ofesi, ndinaisunga zaka zitatu m'kati mwa ng'oma yaikulu kudikira mwini wake.

Chachiwiri, ndikuthokoza pondiphunzitsa kuti palibe munthu ndi mmodzi yemwe anatikondapo. Omvera onse omwe anaimba lamya anati iwo ankatseka makutu. Izi zandimasula pa chinthu chomwe chinkandizunguza mutu. Holo ija inkadzaza Loweruka lililonse masana mpaka ena kukwera m'mawindo, ndipo ine ndinkayesa ndi anthu. Lero ndadziwa kuti inali mizukwa, yovala mabuluku othina ngati athu omwe. Mizukwa yomweyo pano inanenepa, imayendetsa magalimoto, ndipo ikabwera kudzawotcheretsa mageti kwa ine imandiyang'ana ngati sitinakumanepo. Tsabola wakale sawawa, ndikudziwa. Koma kukana kuti sunadyeko pomwe unkalira naye misozi, kumeneko ndi kudzinamiza wekha.

Chachitatu, dandaulo ili si langa, ndangotumidwa. Woimba gitala ya besi wa gulu la Akambuku a Lachisanu, lomwe munaliika pa nambala yachiwiri, anabwera ku ntchito kwanga Lolemba atakwiya koopsa. Akuti munawabera mavoti. Akuti iwo ankaimba moipa kuposa ife, ndipo mboni zilipo, poti tsiku lina agalu a m'dera lonse anasamuka. Ndinamupatsa mpando ndi madzi, ndikumupepesa. Munthu uja wakhala wachiwiri moyo wake wonse, ngakhale pa kuipa komwe.

Chachinayi, ndikuyamikira nyimbo zamakono zomwe mwalowetsa m'malo mwa zathu. Ndamva kuti munthu mmodzi amakhala pa kompyuta, n'kudina, ng'oma, gitala ndi lipenga zonse n'kulira zokha popanda wotuluka thukuta. Ndi zabwino ndithu, palibe cholakwika ngakhale chimodzi, ngati khoma lopaka laimu. Ndikungokupemphani kuti nyundoyo musaitaye, chifukwa pakatha zaka makumi awiri ana a oimba amenewa adzaifuna. Kungoti sindikudziwa kuti adzamenya pati, poti nyimbo zake sizigwirika ndi manja.

Tsopano ndiloleni ndisiye nthabwala pang'ono, bwana, chifukwa mtima ukundipweteka. Achimwene anamwalira mwana wawo wamkazi ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Mwanayo ndinamulera ndine, ndipo pano ndi mayi wamkulu, amasoka zovala pakhonde la sitolo ya nsalu. Bambo ake amawadziwa pa chithunzi chimodzi, atatsegula kukamwa, tsitsi lili nyankhalala, koma mawu awo sanawamvepo. Lamlungu lija anasiya makina osokera, n'kukhala pafupi ndi wailesi pamodzi ndi mayi ake, alamu anga, poganiza kuti gulu lopambana mudzaliimbako ngakhale nyimbo imodzi. Oweruza anu anaseka ola lathunthu, kenako muulutsi anati sangaike tepiyo poopa kuvulaza makutu a omvera. Mwanayo anangozima wailesi, n'kubwerera ku makina ake. Alamu anga anatuluka panja kukaanula zovala zomwe zinali zisanaume.

Ndabwera ku ofesi kwanu katatu sabata ino. Mlonda wa pageti ndi munthu waulemu, amandipatsa benchi. Mlembi wanu amandiuza kuti muli pa msonkhano, ndipo ndayamba kukumverani chisoni, chifukwa msonkhano wa masiku atatu wopanda kupita ngakhale kokataya madzi ndi chilango chachikulu. Poti mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndaganiza zolemba poyera.

Pali chinthu chimodzi chomwe mwina ntchito zambiri zakuiwalitsani. Tepi ija siyambira pa nyimbo. Mphindi ziwiri zoyambirira muli mawu a muulutsi wina wachinyamata yemwe anatilandira mu situdiyo tsiku lojambula, atamanga kansalu kofiira pamutu. Amakuwa mpaka mawu kusasa kuti Ziphaliwali Zisanu ndilo tsogolo la nyimbo, kuti aliyense wosazikonda ndi nkhalamba yoyenera kukagona, ndiponso kuti iye mwini adzaikidwa m'manda ndi kaseti yathu m'thumba. Pomaliza amatchula dzina lake lonse, kawiri, kuti mbiri isadzamuiwale. Dzinalo ndi lomwe lalembedwa pa chitseko cha ofesi yanu.

Choncho ndamvetsa kuti nyundo ikufunikadi, ndipo sindingakuletseni. Pempho langa ndi laling'ono, la munthu wosaphunzira. Tengani lumo, mudule mphindi ziwiri zanuzo. Zimenezo muziphwanye Loweruka mmene mungafunire, ndipo ngati nyundo ya ku ofesi ndi yopepuka, ndikubwerekani yanga yowongolera zitsulo. Zotsalazo, phokoso lonse loipitsitsa la zaka khumi zija, mungolikulunga m'pepala n'kulisiya kwa mlonda. Ndidzalitenga mwakachetechete, osakuvutitsani ndi moni.

Mwanayo sakufuna kudziwa ngati bambo ake ankaimba bwino. Zimenezo mwamuuza kale, dziko lonse likumva. Iye akungofuna amve kuti ankamveka bwanji.

Ndine wanu wodzichepetsa, wogontha khutu limodzi koma wokumbukira ndi onse awiri,

Woimba ng'oma wa Ziphaliwali Zisanu,
Kuseri kwa siteji ya mabasi.